Mabowo a screw akumatuluka onyansa? Yambani mwaona countersink yanu

Ntchito imatha kukhala yabwino kwabasi, matabwa opalidwa bwino, majointi ogwirana ndithu, koma ukafika pa ma screw n'kupeza bowo lina lanyenyeka m'mbali, lina mutu wa screw watulukira kunja ukukanda dzanja, lina walowa mpaka kusowa, ndipo ukapaka vanishi m'malo moti zibisike ndiye zimaonekeratu poyera chifukwa vanishi amada kwambiri pamene thabwa lakhadzuka. Amisiri ambiri vutoli timangolizolowera, timati ndi mmene thabwalo lilili, tidzathira filler, phala lija lotsekera mabowo. Ayi akuluakulu, nthawi zambiri thabwa lilibe mlandu. Bowo lenilenilo ukaliyang'anitsitsa limakuuza lokha chomwe chavuta, ndipo kawirikawiri ndi countersink, kaya mtundu wake, kaya kagwiridwe kathu.

Kwa amene mwangoyamba kumene za ukalipentala, countersink ndi ka bit ka mutu wosongoka kamene kamakulitsa kukamwa kwa bowo kuti mutu wa screw ukhale pansi, ufanane ndi thabwa, ukadutsitsa chala usamve kanthu.

Bowo la makona m'malo mozungulira

Ili ndiye limakwiyitsa anthu ambiri. Waika countersink pa bowo, wayatsa drill, ukumva ikunjenjemera m'manja khrrrr, pochotsa n'kupeza bowo lija silozungulira, lili ndi makona, nthawi zambiri mbali 6 ngati mutu wa bawuti, ndipo m'kati mwake muli timizere tokwera ndi kutsika. Choyamba werengani mano a countersink yanuyo. Ndikukhulupirira mupeza ndi ija ya mano asanu yomwe imapezeka pafupifupi mu hardware iliyonse ndi pa mabenchi a mumsika. Siyoipa ayi, koma kwawo kwenikweni ndi pa chitsulo. Thabwa silolimba mofanana paliponse, paini makamaka ali ndi mizere yolimba yoderapo ndi ina yofewa yoyera motsatizana, nde dzino limodzi likagunda polimba bit imadumpha pang'ono, dzino lotsatira limagwera m'kadzenje komwe loyambalo lasiya, lachitatu chimodzimodzi, ndipo zikangoyamba choncho sizisiya, zimangowonjezereka. Chomwe chimaipitsa zinthu kwambiri ndi kukanikiza mwamantha koma sipidi ili pamwamba, chifukwa pamenepo mano sakuluma thabwa, akungolimenya.

Musanathamangire kukagula ina, yesani kusintha dongosolo. Ambirife timaboola kaye kenako n'kubwera ndi countersink, ndiye nsonga yake imangolendewera m'bowomo ilibe chogwira, igwedera basi. Tembenuzani: dindani kachizindikiro ndi msomali, yambani ndi countersink pa thabwa losaboola, nsonga igwire pakati, mukamaliza ndiye muboole bowo la screw pakati pa kadzenjeko, ndipo muona kuti drill bit imalondola yokha pakati osasochera. Kusintha kokhaku kumathetsa mabowo a makona ambiri ndi bit yomweyo ya mano asanu. Kenako tsitsani sipidi. Drill ya batire ikani pa giya 1, ya magetsi ija yomwe imathamanga mpaka 2800 kapena 3000 pa mphindi igwireni trigger theka, ndipo kanikizani molimba mtima kwa kanthawi kochepa n'kuchotsa. Onaninso kuti hammer, kugogoda kuja kwa drill koboolera khoma, ndi yozimitsa, zimachitika kuti drill yomweyo dzulo imaboola khoma ndipo palibe anaibweza. Thabwa limangeni ndi clamp, losamangidwa limanjenjemera nalo. Chuck nayo, kukamwa kwa drill komwe kumagwira bit, imangidwe bwino, muyatse drill m'mwamba muone nsonga ngati ikuzungulira pamodzimodzi, ikamavina ndiye kuti bit ndi yopindika kapena yakhala mokhota, palibe bowo labwino lingatuluke.

Koma ngati ntchito ya matabwa ndi imene imakudyetsani, ine ndinganene mosabisa kuti pezani countersink ya dzino limodzi. Poti dzino ndi limodzi, mbali yotsala ya mutu wake imatsamira pa thabwa n'kumagwiriziza bit kuti isadumphe, ndipo imasenda m'malo mokanda. Palinso ina yomwe ilibe mano ooneka, mutu wake ndi wosalala koma uli ndi bowo lopendekeka lodutsa m'mbali, amaitcha zero flute kapena cross hole, m'mphepete mwa bowolo ndi momwe mumadula. Imeneyi pa mlombwa ndi mbawa ndimaikonda koopsa, zosenda zake zimatuluka zopiringizika pa bowo lija osati utuchi, ndipo pamene yadutsa pamatsala posalala see. Ingodziwani kuti iyi nsonga yake sidula, imafuna bowo likhalepo kale, nde kwa iyoyi dongosolo ndi lakale lomwe lija, kuboola kaye.

Bowo lomwe lawonongeka kale musalibwereze ndi bit yomwe yaliwonongayo, ingotsatira makona omwewo. Pitanipo ndi ya dzino limodzi pa sipidi yotsika, kapena gwirani countersink ndi dzanja muipotokole pang'onopang'ono mpaka makona athe.

Pali chizolowezi china chofala kwambiri m'mashedi mwathu, chotenga drill bit yaikulu, ya 8 kapena 10, n'kuigunditsa pang'ono pakamwa pa bowo kuti ikhale ngati countersink. Ndikumvetsa, zida ndi zodula. Koma nsonga ya drill bit wamba ndi ya madigiri 118, yathyathyathya kuposa mutu wa screw, nde mutuwo sukhala bwino, umangogunda pansi m'mbali mukutsala mpata. Choopsa kwambiri n'chakuti bit yotere imakoka yokha, pa paini kapena malaina ukangotaya chidwi pang'ono yalowa fwaa mpaka kutulukira kuseri, thabwa la kasitomala lawonongeka.

Mutu wa screw sukukhala bwino

Apa nkhani yoyamba ndi madigiri, ndipo ogulitsa ambiri sakuuzani. Ma screw a mutu wafulati sapendekeka mofanana onse. Omwe timagula kuno olembedwa 3.5x16, 4x40, 4x50, 5x70, a mamilimita, mutu wake ndi wa madigiri 90. A ku America, oyezedwa ndi mainchesi, ndi a madigiri 82. Ma countersink nawo alipo a 90 ndi a 82, palinso a 60, 100 ndi 120 omwe ndi a ntchito zina za zitsulo. Ma seti ambiri ogula pa intaneti kapena obwera ndi achibale ochokera ku America, aja olembedwa #6, #8, #10, amakhala a 82. Ukaika screw ya 90 m'bowo la 82, mutu umagunda m'mphepete mwa pamwamba pokha pansi pali mpata, umakana kutsika, ndipo ukaukakamiza umakankhira thabwa m'mbali, pafupi ndi kumapeto limang'aluka. Zikasemphana mbali inayi, screw ya 82 m'bowo la 90, mutu umakhala pansi koma mozungulira mumatsala kamzere kakuda komwe mumalowa fumbi ndi vanishi. Pa paini kusiyana kwa madigiri 8 sikuoneka kwenikweni chifukwa thabwa limafinyika n'kutsata mutu wa screw, koma pa mlombwa, pa mbawa wouma, sizibisika. Nde pogula yang'anani pa mwendo wa bit kapena pa paketi, mupeze 90. Ngati sipanalembedwe kanthu tengani screw yanu ndi sikweya yaing'ono, mutu wa 90 umakwana ndendende pa kona ya sikweya, bit nayo iyenera kukwana chimodzimodzi.

Za kukula kwake n'zosavuta. Mutu wa ma screw a chipboard awa umakhala pafupifupi kawiri kunenepa kwa screw, ya 3.5 mutu ndi mamilimita 7, ya 4 ndi 8, ya 5 ndi 10. Countersink iyenera kuposa mutuwo pang'ono, ikachepa imalowa yonse n'kusiya kakhoma m'mbali komwe mutu umakodwapo. M'ma seti a 90 mupeza manambala ngati 6.3, 8.3, 10.4, 12.4, 16.5 ndi 20.5. Ngati ndalama ikukwana imodzi yokha tengani 12.4, igwira ntchito pafupifupi zonse za mipando ndi makabati.

Kuya kwake ndiye kumafuna diso. Njira yachangu yoyezera, tembenuzani screw muike mutu wake pakamwa pa bowo, ukangokwana bwinobwino basi siyani pomwepo, musapitirize. Ngati ma screw ndi ambiri pamzere umodzi, monga pa bedi kapena pamwamba pa tebulo pomwe munthu aziwaona onse pakamodzi, musadalire dzanja, lachitatu lidzasiyana ndi lachisanu. Yesani pa kachidutswa ka thabwa lomwelo, osati la mtundu wina, mukapeza kuya koyenera lembani mzere ndi maka pa mutu wa countersink, kapena gwiritsani ija yokhala ndi kolala yoimitsa. Kolala yachitsulo yomwe imazungulira limodzi ndi bit imasiya mkombero wopserera pa thabwa, nde matani masking tape pamalopo kapena muzichotsa ikangokhudza.

Nthawi zina bowo limakhala labwino koma timaliwononga pomanga. Drill ya batire ili ndi kolala ya manambala kutsogolo, ija ndi clutch, ntchito yake ndi kusiya kukoka screw ikafika. Yambani ndi nambala yotsika muzikweza pang'onopang'ono, kapena malizitsani ndi screwdriver ya pamanja. Onaninso mutu wa screw, ukakhala ndi timizere tinayi ting'onoting'ono pakati pa mtanda uja ndi Pozidriv, imafuna bit yomangira yolembedwa PZ2, ukaikapo ya mtanda wamba ya PH2 imaterereka, kudya mutu wa screw, mwinanso kudumpha n'kukabaya thabwa pambali.

Ndiye pali kuja kwakuti unapereka ntchito ili bwinobwino, patapita miyezi kasitomala akuti ma screw atuluka akung'amba zovala. Screw siinasunthe, ndi thabwa lomwe lafwapa. Paini wambiri amene timagula m'misika amakhala asanaumitsitse, akamauma m'nyumba amachepa, mutu wa screw n'kutsala pamwamba. Thabwa laliwisi mumalidziwa pobowola pomwe, bowo limatuluka ndi tiubweya m'mbali ngakhale bit ikhale yakuthwa chotani, ndipo utuchi wake umamata. Chabwino ndi kuliumitsa kaye pamthunzi mutaika timitengo pakati, koma ngati ntchito ndi yachangu lowetsani mutu milimita imodzi kupitirira.

Matabwa awiri sakugwirana

Wamanga screw mpaka mutu wamira m'thabwa koma pakati pa matabwa pakadali mpata, ukawonjezera mphamvu mutu ukungomirabe. Apa countersink ilibe chifukwa. Bowo la screw ndi la magawo atatu, kukamwa kwa mutu, bowo la thabwa lapamwamba, ndi bowo la thabwa lapansi, ndipo ambiri timadumpha lapakatilo. M'thabwa lapamwamba screw iyenera kudutsa momasuka, mazinga ake asagwire, bowo likhale lofanana ndi kunenepa kwa screw yonse, ya 4 bowo la 4, ya 5 bowo la 5. Mazinga akagwira matabwa onse awiri mpata womwe unalipo poyamba umakhala momwemo mpaka kalekale. M'thabwa lapansi ndi momwe mumafunika bowo laling'ono, screw ya 4 boolani 2.5 pa paini ndi 3 pa thabwa lolimba, ya 5 boolani 3 pa paini ndi 3.5 pa lolimba. Pa mlombwa ndi bulugamu wouma bowoli lifike utali wonse wa screw, ndipo pakani kandulo pa mazinga ilowe mofewa. Sopo ndimakana chifukwa amakoka chinyezi screw n'kuchita dzimbiri m'kati.

Ma screw akuda aja a drywall, omwe ambiri tinawazolowera poti ndi otchipa, mutu wake ndi wokhota, si wa 90 kapenanso 82, anaupangira kuti uzimira pa bolodi ya silingi osang'amba pepala. Pa paini amamira okha, koma ndi ouma, pa thabwa lolimba amaduka khosi tswa mutu n'kutsala m'manja, ndipo kuchotsa chotsalira m'katimo ndi ntchito ina. Panja amachitanso dzimbiri msanga. A brass nawo amaduka chifukwa ndi ofewa, lowetsani kaye screw yachitsulo ya saizi yomweyo itsegule njira, muichotse, kenako ya brass ilowe ndi dzanja.

Kunyenyeka m'mbali, ndi zina za mabolodi

Pa plywood ndi blockboard khungu lapamwamba ndi lopyapyala kwambiri, bit yobuntha imalinyamula m'malo molidula, n'kusiya kachibanthu kotalika motsata mizere. Apa kuthwa ndiye nkhani yonse, kuphatikiza masking tape yomata bwino pamalo oboola, ndipo pochotsa tepiyo muziikokera chopita ku bowo. Musalowe kwambiri, mukapyola khungu mumaoneka mzere wa guluu mozungulira mutu. Melamine ija yoyera ya makabati a kukhitchini imathetheka, nde yambani ndi drill ikuzungulira chobwerera kwa kamphindi kuti ilembe mkombero pa khungulo, kenako mubweze kutsogolo. MDF ndi chipboard zili ndi guluu wambiri amene amabunthitsa bit wamba msanga zedi, ngati ntchito yanu yambiri ndi ya mabolodi amenewa sakani ya mano a carbide, apo ayi yolembedwa HSS, chitsulo cholimba chopangira ma bit, osati zotuwa zopanda chilembo zija.

MDF ili ndi khalidwe linanso, screw ikamalowa imatukula kaphiri kozungulira pakamwa pa bowo la bolodi yapansi, kaphiri kameneka n'komwe kamalepheretsa mabolodi kugwirana. Mankhwala ake ndi countersink yomweyo, gunditsani pang'ono kuseri kwa bolodi yapamwamba, mbali yomwe ikukagona pa inzake, kuti zotukukazo zipeze kolowa. Anthu ochepa amachita zimenezi koma kusiyana kwake kumaoneka. Ndipo pomanga m'mphepete mwa MDF talikirani ndi kona masentimita 5 kapena kuposa, imang'ambika pakati.

Bulugamu pafupi ndi kumapeto amang'aluka ngakhale utachita zonse bwino ngati countersink yachepa kuya, chifukwa mutu wa screw umakhala ukukankha mbali zonse. Pamenepo bowo likwane ndithu, ndipo kumaliza ndi dzanja.

Ma bit ophatikiza aja, drill bit pakati countersink kunja yomangidwa ndi ka grub screw, ka screw kakang'ono kopanda mutu, amapulumutsa nthawi kwambiri poti kamodzi kokha zonse zatheka, ndipo sapanga makona chifukwa bit yapakati imagwiriziza. Mavuto ake ndi atatu omwe amabwerabwera. Countersink imatsetsereka kukwera m'mwamba bowo n'kumatalika osadziwa, apa gunditsani pa grinder kamalo kakang'ono kafulati pa drill bit pomwe grub screw ikukhala, igwira. Utuchi umatsekera pakati pa ziwirizi makamaka pa paini wa utomoni, bit n'kutentha n'kupsereza thabwa, nde muziitulutsa kawirikawiri, muchotse utuchiwo ndi kamtengo drill itaima, osati ndi chala, madzulo muitsuke ndi parafini. Ndipo ka bit kapakati kamathyoka ukangopendeketsa dzanja potulutsa, choncho gulani mtundu womwe umalola kusintha ndi drill bit wamba. Ena ali ndi bit yapakati yonka nisongoka, imeneyo anapangira ma screw akale omwe thupi lake limanka licheperachepera, ma screw a masiku ano ndi owongoka, amafuna yowongoka. Kumbukiraninso kuti yophatikizayi imaboola saizi imodzi matabwa onse awiri, nde lapamwamba mulikulitse panokha kapena mumange ndi clamp musanalowetse screw.

Countersink ija ya mano asanu musataye. Chitseko cha kabati chikamakana kutsekeka bwino chikubwerera chokha, onani mahinjesi, nthawi zambiri mitu ya ma screw yatulukira ndipo ikugundana. Mwina screw yakula, mwina yalowa mopendekeka, mwina mabowo a hinjesiyo ndi osaya. Ngati ndi osaya mangani hinjesi pa thabwa, kadontho ka oyilo, sipidi yotsika, mano asanu aja agwire ntchito yomwe anawapangira.

Pa ntchito ya vanishi yomwe simukufuna screw ioneke, filler kapena utuchi wosakaniza ndi guluu zimasiya dontho losiyana mtundu, ndipo pakapita nthawi zimafwapa. Mlombwa wokongola uja, amene anzathu ku Zambia ndi ku Zimbabwe amati mukwa, ku South Africa kiaat, sindimafuna kuuona uli ndi madontho a filler, zimandipweteka mtima ndithu. Boolani bowo lowongoka la mamilimita 10 lakuya 5 kapena 6, screw ikhale pansi pake, ndipo ndi plug cutter ya 10 dulani tizitsekerero pa chidutswa cha thabwa lomwelo, posankha pamene mtundu ukufanana. Plug cutter imafuna drill press, drill yokhazikika pa sitandi, pa dzanja imathawathawa, koma mutha kuboola kathabwa kena kokhala ngati kolondolera n'kukamanga pamwamba ndi clamp. Guluu pang'ono, mizere ya kachitsekerero iyang'ane komwe mizere ya thabwa ikupita, khomani pang'ono ndi hamala, chikauma dulani ndi chizulo chakuthwa motsata mizere mutasiya kotsalira pang'ono, sandipepa amalize. Ukapaka vanishi munthu amayenera kuwerama kuti apapeze.

Countersink ikayamba kutulutsa fumbi m'malo mwa zosenda, kapena kununkha kupsa, yabuntha. Kunola kwake musakhudze kunja kwa mutu, mukatero mwasintha madigiri komanso dzino silifikanso pa thabwa. Ya dzino limodzi nolani nkhope yafulati ya m'kati mwa dzinolo ndi kamwala kakang'ono konolera kapena tupa wa diamond, tupa wamba pa HSS amangoterereka. Ya bowo m'mbali ija kulungani sandipepa wosalala wa 400 kapena 600 pa kamtengo kozungulira kokwana m'bowomo, muzikoka chotulukira ku mbali yodulayo kangapo, kenako yesani pa chidutswa cha paini muone ngati zosenda zayambanso kutuluka zopiringizika.